Fumbi Logona M'nyumba kwa Chiwalo

Mwezi wa Okutobala ukafika, dera la Mfumu Yaikulu Chiwalo m'boma la Phalombe limasanduka lotuwa. Dothi la makande, limene m'nyengo ya dzinja limakanirira kumapazi ndi kumatayala a njinga, limauma gwa nkuchita ming'alu. M'minda mumakhala mutatsala mapesi okhaokha, tchire lapsa, ndipo mphepo yodutsa m'chigwa cha Nyanja ya Chilwa sipeza choitchinga. Masana dzuwa likafika paliwombo, kamvuluvulu amadzuka pabwalo la sukulu, nanyamula masamba ndi mapepala, nakazitaya pakhomo pa munthu wina. Wakabaza amafika pamsika nsidze zili mbuu ngati wachokera kuchigayo. M'zaka zimene nyanjayo inaphwa, monga mu 1968, 1995 ndi 2018, ngakhale malo amene asodzi ankaponyapo makoka anasanduka bwalo la fumbi.

Fumbi limenelo aliyense amaliona, ndipo aliyense amadandaula nalo. Koma lilipo fumbi lina limene anthu saliwerengera: lija limatsala m'nyumba chitseko chikatsekedwa, nkugona pamodzi ndi eni nyumba pamphasa, m'bulangete ndi pamtsamiro. Fumbi la panjira munthu amalipuma mphindi zochepa chabe, pamene la kuchipinda amalipuma maola 8 usiku uliwonse, chaka chonse chathunthu.

Pafupifupi mphunzitsi aliyense anaphunzitsapo mwana wovutika ndi fumbi lotere. Mwanayo amafika m'kalasi maso ali psuu, akuyetsemula kosalekeza, mamina ali chuchuchu, koma thupi losatentha. Amasinza nthawi ya masamu chifukwa usiku anachezera kutsokomola. Anzake akamathamangira mpira, iye amaima msanga, m'chifuwa mukulira ngati kherere. Makolo amati ndi chimfine chosatha. Ena amayamba kukayikira anansi awo. Pakutha pa teremu, masiku amene mwanayo wajomba amakhala ochuluka, ndipo zotsatira za mayeso zimamunenera ulesi umene alibe.

M'fumbi muli chiyani?

Kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu akatapa fumbi la pansi pa bedi nkuliika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, amapeza kuti dothi ndi gawo limodzi chabe. Mumakhalanso timamba ta khungu la anthu, ulusi wa zovala, nthenga za nkhuku, ubweya wa mphaka, mungu wa udzu, mwaye, njere za chuku, zitosi za makoswe ndi zidutswa za mphemvu zakufa.

Koma mwini weniweni wa fumbi la kuchipinda ndi kachilombo ka mtundu wa nthata, ka miyendo 8, kachibale ka kangaude ndi nkhupakupa. Kutalika kwake sikufika ngakhale theka la milimita imodzi, motero maso paokha sakaona. Akatswiri anakatcha Dermatophagoides, dzina lochokera ku Chigiriki lotanthauza chodya khungu, pakuti chakudya chake ndi timamba tija timayoyoka pathupi la munthu akagona. Kachilomboka sikaluma ngati nsikidzi, ndipo sikafalitsa matenda ngati udzudzu. Choopsa chake ndi zitosi zake, zimene kamodzi kokha kamatulutsa pafupifupi 20 pa tsiku. Zitosizo zikauma zimauluka munthu akamakutumula bulangete kapena kutembenuka pamatiresi, ndipo zimalowa m'mphuno ndi m'chifuwa.

Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kuti fumbi la m'nyumba limadwalitsa anthu ena, koma sankadziwa chimene chinali m'fumbimo. Munali mu 1964 pamene Reindert Voorhorst ndi anzake a mumzinda wa Leiden, m'dziko la Netherlands, anasonyeza kuti gwero lalikulu la vutoli ndi tinthata timeneti.

Thupi likalakwitsa mdani

Chichewa chili ndi mawu ake a vuto ili. Munthu amati, "Nyama ya nkhumba imandiwenga," kutanthauza kuti chinthu chimene ena amadya popanda vuto, iye chimamutulutsa zidzolo. Pachingerezi amati allergy, mawu amene dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet, anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1906. Fumbi nalonso limawenga.

Zimachitika motere. M'thupi muli asilikali amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Mwa anthu ena asilikaliwa amalakwitsa: amaona chitosi cha nthata kapena mungu wa udzu ngati mdani woopsa, nayamba nkhondo. Pankhondoyo thupi limatulutsa mankhwala ake, ena mwa iwo otchedwa histamine, amene amatupitsa m'mphuno, kuyabwitsa maso ndi kuchulukitsa mamina. Nkhondoyo ikafika m'mapapo, timipita todutsa mpweya timatupa nkufinyika, ndipo munthu amabanika. Imeneyo ndiyo mphumu. Matendawa sapatsirana ngati chifuwa chachikulu, koma kawirikawiri amayenda m'magazi a banja. Nchifukwa chake ana awiri ogona pamphasa imodzi, wina amadzuka ali bwinobwino, wina ali wefuwefu. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, linawerengera kuti mu 2019 anthu 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anamwalira nayo m'chaka chimenecho.

Nthawi yabwino ndi iti?

Ku Ulaya, kumene nyumba zimakhala zotseka miyezi yonse yachisanu, anthu ali ndi mwambo woyeretsa nyumba yonse chisanu chikangotha. Kwa Chiwalo nyengo zimayenda mosiyana, koma nthawi yofanana nayo ilipo: masabata a pakati pa kutha kwa mphepo ya mwera ndi kugwa kwa mvula yoyamba, ndiye kuti Seputembala ndi Okutobala.

Chifukwa chake chagona pa moyo wa nthata zija. Tizilomboti sitimwa madzi. Timayamwa chinyezi cha mumpweya. Motero m'dzinja, pamene makoma azizira ndipo zofunda sizikuuma, timaswana kwambiri. M'chilimwe tambiri timafa, koma mitembo ndi zitosi zake zimatsala m'zofunda, ndipo izo zimawengabe. Okutobala ndi mwezi umene mdaniyu wafooka, dzuwa lili ndi mphamvu, ndipo chochapidwa m'mawa chimauma masana. Wodikira Disembala amapeza kuti manja onse ali kumunda, kumwamba kwachita mitambo, ndipo bulangete likachapidwa limatha masiku awiri likununkha chinyezi.

Nacho chuku chimakonda nyengo yomweyo. Anthu a m'boma la Phalombe, amene anaona napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti madzi akaphwa khoma limatsala lonyowa kwa nthawi yaitali, ndi kuti kuseri kwa kabati kumamera mawanga akuda. Mawangawo ndi chuku, ndipo njere zake zimauluka mumpweya monga fumbi. Kupukuta kokha sikuthetsa chuku ngati denga likudonthabe kapena madzi akuima m'mbali mwa khoma. Ngalande yozungulira nyumba ndi denga lofolera bwino ndiwo mankhwala ake oyamba.

Alendo atatu a kuchipinda

Mlendo woyamba ndi utsi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, Chiperoni akabwera ndi mvula yake yowaza, mabanja ambiri amasonkha moto m'nyumba kuti aothe, ndipo ena amaphikira momwemo. Mwaye wolendewera kudenga ndi umboni wa zimene mapapo alandira. Tinthu ta mu utsi ndi tating'ono kwambiri, moti tina timachepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi pafupifupi ka 30, ndipo timalowa mpaka mkatikati mwa mapapo. WHO inawerengera kuti mu 2020 mpweya woipa wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse.

Pankhani imeneyi dziko la Malaŵi linaphunzitsapo dziko lonse. Pakafukufuku amene anachitika m'midzi 150 ya m'maboma a Chikwawa ndi Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, mabanja ena anapatsidwa mbaula zamakono zotulutsa utsi wochepa. Zotsatira zake, zimene zinalengezedwa mu 2016, zinadabwitsa ambiri: chibayo pakati pa anawo sichinachepe. Chifukwa chimodzi chimene ofufuzawo anachiganizira nchakuti mwana sapuma utsi wa pamafuwa wokha. Amapumanso wa zinyalala zotenthedwa, wa lupsa ndi wa koloboyi. Mbaula yabwino, monga Chitetezo, imapulumutsa nkhuni ndipo njofunika, koma payokha siyeretsa mpweya wa pakhomo. Khitchini yapadera yokhala ndi mpata wotulukira utsi, ndi khanda losaberekedwa kumsana pophika, zimathandiza pamodzi ndi mbaulayo.

Mlendo wachiwiri ndi chimanga. Kale zokolola zinkakhala munkhokwe pabwalo. Kaamba ka umbava, lero mabanja ambiri amatonola chimanga, nachithira mankhwala aufa, nachisanja m'matumba kuchipinda komwe amagona. Kumene kuli chimanga kumabwera anankafumbwe, amene amachisandutsa ufa wouluka. Kumabweranso makoswe ndi mphemvu, zimene zitosi zake zimawenga monga za nthata. Pamwamba pa izo pali fungo la mankhwala aja. Ngati nyumba ili ndi chipinda china, matumba apite kumeneko, asanjidwe pamitengo kapena panjerwa, osagunda khoma. Matumba osalowa mpweya otchedwa PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a pa Yunivesite ya Purdue ku America, amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala. Fodya wouma woyembekezera kudindidwa nayenso sayenera kugona pamodzi ndi ana.

Mlendo wachitatu ndi ziweto. Nkhuku zogona pakona pa nyumba zimasiya nthenga, zitosi ndi utitiri. Khola laling'ono lolimba, lokhala pafupi ndi zenera la mwini wake, limateteza nkhuku kwa akuba ndi mwana ku chifuwa.

Nzeru ya mtsiro

Makolo sanaone nthata ndi maso, koma ntchito imene ankagwira chaka ndi chaka inkalimbana nazo ndithu. Amayi ankapita kudambo kukatapa mtsiro, nazira nyumba ndi khonde, nasalaza ndi nkhulungo mpaka pansi pachita kuwala. Ankamata ming'alu ya m'makoma, nayanika mphasa padzuwa, naithira madzi otentha pofuna kupha nsikidzi. Abambo ankasasula udzu wakale wodzala mwaye nafolera watsopano.

Pansi pozira bwino sipafumbuka. Pansi posiyidwa pamakumbika ndi tsache tsiku ndi tsiku, ndipo m'fumbi lakelo ndimo mumaswana utitiri ndi matekenya. Kufunika kwa pansi polimba kunaonekanso kutali, m'dziko la Mexico, kumene boma linathira simenti m'nyumba za anthu osauka pantchito yotchedwa Piso Firme. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2009 anapeza kuti ana a m'nyumba zimenezo anachepa kudwala njoka za m'mimba ndi kutsegula m'mimba. Simenti ndi yodula, ndipo si banja lililonse la kwa Chiwalo lingaigule chaka chino. Koma mtsiro uli pafupi. Chofunika nkuzira m'mawa wa tsiku ladzuwa, kuti pofika madzulo pakhale pataumiratu anthu asanayale mphasa.

Dongosolo la tsikulo

Kusesa kwa masiku onse kuli ndi vuto limodzi: tsache louma pansi pouma silichotsa fumbi, limangoliulutsa. Lolemera limatuluka pakhomo, koma lopepuka, lomwe ndilo loopsa, limayandama kwa kanthawi nkuteranso pazofunda. Nchifukwa chake ntchito ya tsiku lalikululi iyenera kutsata dongosolo.

Choyamba, mwana wa mphumu, khanda ndi okalamba achoke, akakhale kwa achibale kapena pamthunzi wakutali. Kupatsa tsache mwana amene fumbi limamuwenga nkumuitanira matenda. Wogwira ntchitoyo amange kansalu kukamwa ndi kumphuno, natsegule zitseko ndi mazenera onse.

Chachiwiri, katundu yense atuluke m'mamawa: mphasa, matiresi, mabulangete, masutikesi, mabuku ndi makatoni a pansi pa bedi. Apa mpamene banja limaona kuchuluka kwa zinthu zimene lasunga popanda ntchito. Nsanza, mapepala akale ndi nsapato zakutha ndizo nyumba za mphemvu.

Chachitatu, ntchito iyambire kumwamba kutsikira pansi. Tsache lomangirira kunsungwi lichotse mwaye ndi ukonde wa akangaude kudenga, kenaka makoma, kenaka mipando ndi mashelefu. Izi zipukutidwe ndi kansalu konyowa, pakuti kansalu kouma kamangosamutsa fumbi. Pansi pakhale pomalizira, ndipo pawazidwe madzi tsache lisanafike. Nzoona kuti mu Okutobala madzi ndi osowa ndipo pamjigo pamakhala mzere wautali. Koma madzi otsala pochapa zovala ndi okwanira kuwaza pansi.

Chachinayi, zofunda zichapidwe. Madzi otentha kufika madigiri 60, amene dzanja silingapirire, amapha nthata. Madzi ozizira sazipha zonse, koma amachotsa zitosi zake zambiri. Matiresi ndi mitsamiro, zimene sizichapika, ziyanikidwe padzuwa la masana kwa maola angapo, zitembenuzidwe, kenaka zimenyedwe ndi ndodo kutali ndi khomo, kumene mphepo ikulowera. Zovala za kaunjika, zimene zakhala nthawi yaitali m'mabelo, zichapidwe zisanavalidwe.

Chinthu chimodzi chokha chisaone dzuwa: neti yotetezera udzudzu. Iyo imasunga fumbi lambiri pamwamba pake, choncho iyenera kuchapidwa, koma mosapikicha kwambiri, ndi sopo wamba, nkuyanikidwa pamthunzi, chifukwa dzuwa limafooketsa mankhwala ake. M'chigwa cha Chilwa, kumene malungo ndi ochuluka, kuwononga neti pofuna kuthawa fumbi nkuthawa mvula nkugwera mumtsinje.

Chachisanu, zinyalala zipite kudzenje. Kuzitentha pakhomo, makamaka zikakhala ndi mapulasitiki, nkubwezera m'chifuwa zimene zachotsedwa m'nyumba. Mankhwala opopera thonje, fodya kapena ndiwo zamasamba asapoperedwe m'chipinda pofuna kupha nsikidzi; amenewo ndi poizoni kwa anthu.

Pomaliza pali nkhani ya mazenera. Nyumba zambiri zanjerwa zili ndi mazenera otsekedwa ndi njerwa zomwezo, poyembekezera ndalama za mafelemu kapena poopa akuba. Chipinda chotere sichiona dzuwa ndipo mpweya wake susintha. Kuchotsa njerwa zingapo za pamwamba nkuikapo waya wa sefa ndi ntchito ya tsiku limodzi. Zenera litsegulidwe m'mawa ndi madzulo, litsekedwe masana pamene kamvuluvulu akuyenda.

Ntchito ya yani?

Mutu umodzi susenza denga. Mwachizolowezi tsache ndi la amayi ndi atsikana, motero iwo amapuma fumbi kawiri, posesa ndi pogona, kuwonjezera pa utsi wa kukhitchini. Mnyamata amene watsiriza Fomu 4 ndipo ali pakhomo kuyembekezera zotsatira, ndiye ali ndi msinkhu wofika kudenga, mphamvu zonyamula matiresi, ndi maphunziro a sayansi ofotokozera agogo ake chifukwa chimene neti iyenera kuuma pamthunzi. Sukulu imene sifika kuchipinda kwa mwini wake ndi yoperewera.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, fumbi lili pachimake, ndipo m'mawa uliwonse ana amasesa makalasi ndi bwalo ndi masache a masamba, nalowa m'kalasi fumbi lisanatere. Ndowa imodzi ya madzi owaza, mazenera otsegula, ndi kansalu konyowa kofufutira pabolodi m'malo mokutumula choko, zingasinthe mpweya wa kalasi lonse. Mwana wa mphumu apatsidwe ntchito ina, monga kuthirira mitengo, ndipo asakhale kutsogolo kwenikweni kumene choko chimagwera. Chimene ana azolowera kusukulu amakachita kwawo.

Malire a tsache

Pafunika kunena zoona: kuyeretsa nyumba sikuchiza mphumu. Ofufuza apeza kuti njira imodzi yokha, monga kupha nthata basi, kawirikawiri siisintha kwambiri moyo wa wodwala. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2004, wokhudza ana 937 a mphumu m'mizinda 7 ya ku America, anasonyeza kuti pamene mabanja analimbana ndi zonse pamodzi, nthata, mphemvu, makoswe, chuku ndi utsi wa fodya, masiku amene anawo ankabanika anachepa. Phunziro lake ndi lofanana ndi la ku Chikwawa ndi Karonga: mdaniyu ali ndi makomo ambiri, ndipo kutseka limodzi sikukwanira. Ndiponso tsiku limodzi pachaka silikwanira ngati zofunda sizionanso dzuwa mpaka chaka chinacho. Kuyanika sabata ndi sabata ndiko kumasunga phindu la tsiku lalikulu lija.

Mwana amene amabanika kawirikawiri apite naye kuchipatala. Alipo mankhwala opopera m'kamwa, monga salbutamol, amene amatsegula timipita ta mpweya m'mphindi zochepa, ndi ena ogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku oletsa kutupa. Mphekesera yoti woyamba kupopera sasiyanso kapena amafooka mtima yalepheretsa ambiri kulandira thandizo. Mankhwalawa akagwiritsidwa ntchito monga adokotala anenera amapulumutsa moyo. Ngati mwana akulephera kutsiriza chiganizo chifukwa cha befu, nthiti zikulowa mkati popuma, kapena milomo yasintha mtundu, imeneyo si nthawi yofuna tsache kapena mizu, koma yothamangira kuchipatala chapafupi, chimene chingamutumize ku Holy Family kapena kuchipatala chachikulu cha boma ku Migowi, chimene chinatsegulidwa mu 2022. Ndipo chifuwa chopitirira masabata awiri, chobwera ndi kuwonda ndi thukuta la usiku, chisanamiziridwe fumbi. Munthu wotere akayezetse chifuwa chachikulu.

Mu Novembala mitambo idzasonkhana pamwamba pa phiri la Michesi, mvula yoyamba idzagwa, ndipo fumbi la panjira lidzagona lokha popanda wolilamula. Pamenepo zitseko zidzayamba kutsekedwa msanga, makasu adzatenga manja onse, ndipo banja lidzagona ndi chilichonse chimene linasiya m'nyumba mu Okutobala. Kumene kunaziridwa, kumene matumba anasamutsidwa ndipo mabulangete anaona dzuwa, mwana uja angathe kugona mpaka tambala woyamba osatsokomola, nkukapezeka pamzere m'mawa dzina lake likamaitanidwa.